Moyo wachiyero mu mzinda wa Blantyre: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amabwera mobwerezabwereza tikakhala pa maphunziro a Baibulo m'kati mwa sabata, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Namiwawa. Ochepa amafunsa pagulu. Ambiri amadikira kuti anthu abalalike, kenako n'kukukokera pambali, mawu ali pansipansi. Ndawaika pamodzi kuti amene sanalimbe mtima kufunsa apezepo gawo lake. Muwerenge Baibulo lili pambali, ndipo ndime iliyonse ndatchula muitsegule nokha.

Kodi chiyero n'chiyani? Ndikamva mawuwa ndimaganiza za abusa ndi amayi a Mvano achikulire, osati za ine.

Munthu woyera ndi amene Mulungu wamupatula kuti akhale wake, ndipo makhalidwe ake ayamba kufanana ndi a Mwini wakeyo. Petro analembera Akhristu wamba, ena mwa iwo akapolo, kuti akhale oyera m'makhalidwe awo onse popeza amene anawaitana ndi woyera (1 Petro 1:15-16). Mawuwo anawatenga m'buku la Levitiko. Tsegulani Levitiko 19 muone zimene zikutsatira lamulo limeneli: kulemekeza mayi ndi bambo, kusiyira osauka ndi alendo khunkha m'munda, kusagoneka malipiro a waganyu mpaka m'mawa, kusatukwana wogontha, kusakondera pa mlandu, kusayenda ndi miseche, kukhala ndi miyeso yoona. Zambiri mwa izi sizichitikira m'nyumba ya mapemphero. Zimachitikira kumunda, pabwalo la milandu, pamsika ndi pakhomo.

Onaninso kuti Paulo anawatcha Akorinto oyera mtima (1 Akorinto 1:2), chonsecho mpingo umenewo unali ndi magawano, kusumirana kukhoti, dama, ngakhale kuledzera pa Mgonero wa Ambuye. Sanawatche choncho powayamikira. Anali kuwakumbutsa chimene Mulungu anawapanga, kuti moyo wawo ulondole pamenepo. Ngati muli mwa Khristu, dzina limeneli ndi lanu lero, kaya ndinu kondakitala wa minibasi za ku Machinjiri kapena namwino.

Nanga kuyeretsedwa ndi ntchito ya ndani, yanga kapena ya Mulungu?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndikhalitsapo.

Ambiri a ife tinaphunzira bwino kuti timapulumuka mwa chisomo. Koma titabatizidwa, mumtima timayamba kuganiza kuti Mulungu wamaliza mbali yake, kwatsala n'kuti ife tidzikonze tokha. Paulo anawafunsa Agalatiya ngati anali opusa chotere, kuti atayamba ndi Mzimu afune kutsiriza ndi thupi (Agalatiya 3:3). Funso limeneli likutikhudza ndithu.

Malemba amanena mosabisa kuti woyeretsa ndi Mulungu. Kudzera mwa Ezekieli analonjeza kuchotsa mtima wamwala, kupereka mtima watsopano, kuika Mzimu wake mwa anthu ake ndi kuwayendetsa m'malemba ake (Ezekieli 36:26-27). Werengani pang'onopang'ono muone kuti woyambitsa zonse m'ndimezi ndi Iye. Paulo atapempherera Atesalonika kuti Mulungu wa mtendere awayeretse konsekonse, anawonjezera kuti wakuitanayo ndi wokhulupirika, ndipo adzachita (1 Atesalonika 5:23-24). Kwa Akolose anati tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mu ubatizo, ndipo tinaukitsidwa naye pokhulupirira machitidwe a Mulungu amene anamuukitsa kwa akufa (Akolose 2:12). Mphamvu imene ikulimbana ndi tchimo lanu ndi yomweyo inatulutsa Yesu m'manda.

Mpingo unakanganapo kale pa nkhaniyi. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 400, mphunzitsi wina dzina lake Pelagius ankaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu mwa iye yekha zosungira malamulo a Mulungu akangofuna. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anatsutsa zimenezi, ndipo msonkhano wa ku Carthage wa mu 418 unakana chiphunzitso cha Pelagius. Katekisma wachidule wa ku Westminster wa 1647, amene mipingo ya Chipresibeteriya imamudziwa, amati kuyeretsedwa ndi ntchito ya chisomo chaulere cha Mulungu. Komabe Pelagius sanachoke m'maulaliki athu. Mlaliki akamangofuula kuti "siyani, siyani, siyani" osatchula amene amapatsa mphamvu yosiyira, anthu amatuluka ndi katundu wolemera kuposa amene analowa naye.

Mukadzadutsa pa HHI, imani muyang'ane tchalitchi cha St Michael and All Angels. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa ndi anthu akonkuno. Palibe njerwa ndi imodzi yomwe inadziumba kapena kudzisanja pakhoma. Petro akuti ifenso tikumangidwa kukhala nyumba ya uzimu, koma amatitcha miyala yamoyo (1 Petro 2:5). Womanga ndi Mulungu, ndipo chifukwa ndife amoyo, timamva dzanja lake ndi kuvomera.

Ngati ndi choncho, bwanji osangokhala phee n'kudikira kuti Mulungu andisinthe?

Chifukwa Mulungu akamagwira ntchito mwa munthu, chizindikiro chake n'chakuti munthuyo amadzuka. Afilipi 2:12-13 akutiuza kuti tigwire ntchito ya chipulumutso chathu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti Mulungu ndiye wochita mwa ife kufuna ndi kuchita komwe. Paulo sakugawa ntchito kuti theka Mulungu, theka inu. Akunena kuti mumagwira ntchito chifukwa Iye akugwira kale. Ngakhale chikhumbo chimene muli nacho chofuna kusintha, chimene chakupangitsani kuwerenga mpaka pano, sichinachokere m'thupi lanu.

Yosefe m'nyumba ya Potifara anali ndi Yehova, Malemba akutero. Koma mkazi uja atamugwira malaya, Yosefe anathawa ndi miyendo yake (Genesis 39:12). Chisomo chimatiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko (Tito 2:11-12), ndipo pakamwa pamene pamatuluka "ayi" ameneyo ndi panu.

Kukhulupirira ntchito ya Mulungu kumatanthauza chiyani pa ola lenileni la yesero? Pamenepo vesi zonse zimathawa m'mutu.

Aroma 6:11 akuti tidziwerengere ofa ku uchimo koma amoyo kwa Mulungu mwa Khristu Yesu. Sakuti muzimva m'thupi ngati wakufa ku tchimo. Thupi limakhala likukuwa ndithu. Akuti mutenge zimene Mulungu wanena monga zoona kuposa zimene mukumva.

Yesero limabwera ndi mabodza awiri. Loyamba limati simungachitire mwina, ndi mmene munabadwira, bambo anu analinso chonchi. Lachiwiri limati mukapanda kuchita ichi mutaya chinthu chimene Mulungu sangakubwezereni. Chikhulupiriro chimayankha loyamba ndi Aroma 6:14, kuti uchimo sudzachita ufumu pa inu, ndiponso ndi 1 Akorinto 10:13, kuti pamodzi ndi yesero Mulungu amaika populumukirapo. Populumukirapo pamenepo nthawi zambiri pamakhala pachidziwikire: kutsika minibasi pa siteji ina, kuzimitsa foni, kuimbira mbale wanu, kutuluka m'chipindamo. Bodza lachiwiri limayankhidwa ndi Ahebri 13:5, pamene Iye anati sadzatisiya kapena kutitaya konse.

Poti vesi zimathawa, musasenze zambiri. Lowezani imodzi yolunjika pa tchimo limene limakugwetsani, ndipo muiloweze nthawi ya mtendere. Pemphero la pa ola limenelo silifunika kutalika. Petro akumira anangoti, "Ambuye, ndipulumutseni."

Akulu ampingo, ine ndimalapa, pakapita masiku ndagweranso m'tchimo lomwelo. Ndachita manyazi kubwereranso kwa Mulungu. Kodi ndinabadwadi mwatsopano?

Funso ili ndi limene limafunsidwa ndi misozi, ndipo sindiliyankha mopepuka.

Poyamba, munthu wakufa mu uzimu salira chifukwa cha tchimo lake. Amalira akagwidwa, koma tchimolo amalikonda. Ngati chimene chikukupwetekani n'chakuti mwalakwira Ambuye amene mumawakonda, nkhondo imene ili mwa inuyo ndi umboni wa moyo. Agalatiya 5:17 akunena kuti thupi limalakalaka potsutsana ndi Mzimu, ndi Mzimu potsutsana ndi thupi. Pamene palibe Mzimu palibenso kulimbana kotere.

Chachiwiri, Yohane analembera okhulupirira, osati akunja, pamene anati tikanena kuti tilibe uchimo tidzinyenga tokha, koma tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa (1 Yohane 1:8-9). Anapitiriza kuti akulemba izi kuti tisachimwe, koma wina akachimwa tili naye Nkhoswe kwa Atate (1 Yohane 2:1). Ife Amalawi timadziwa ntchito ya nkhoswe: siifunika pamene zonse zili bwino, imafunika zinthu zikavuta. Manyazi amene amakuuzani kuti dikirani kaye muyere ndiye mubwerere kwa Mulungu sachokera kwa Mzimu Woyera. Chisoni cha kwa Mulungu chimathamangitsira munthu kwa Iye (2 Akorinto 7:10). Yudasi ndi Petro onse awiri anamva chisoni. Wina anapita kukadzipachika, wina anadziponya m'nyanja kusambira kunka kwa Yesu.

Koma ndikufunseninso, monga mbale. Mukalapa, mumasintha chiyani? Nambala ija ikadali m'foni? Mukudutsabe njira yodzera pamalo omwera paja poweruka? Alipo munthu mmodzi padziko amene akudziwa nkhondo yanuyi? Tchimo lobisika limanenepa. Yakobo 5:16 akuti tivomerezane machimo ndi kupemphererana kuti tichiritsidwe. Sindikunena zokaima kutsogolo Lamulungu. Ndikunena za Mkhristu mmodzi wokhwima, wosunga chinsinsi, mwamuna kwa mwamuna, mayi kwa mayi, amene mudzamulola kukufunsani mafunso owawa.

Ndipo ngati vuto ndi mowa kapena chamba chimene chafika pogwira thupi, kupita kuchipatala kukapeza thandizo si kuchepa chikhulupiriro. Pitani, ndipo mupite mukupemphera.

Musayeze kukula kwanu poyerekeza lero ndi dzulo. Yang'anani zaka zingapo m'mbuyo. Amene anayamba ntchito yabwino mwa inu adzaitsiriza kufikira tsiku la Yesu Khristu (Afilipi 1:6), ndipo tsikulo silinafike.

Kodi mayi wovala thalauza kapena woluka mesh angakhale woyera? Kumpingo kwathu amati ayi.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti nkhani ya thalauza inali lamulo la boma. Kuyambira 1973 mpaka nthawi ya kusintha kwa ndale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi m'dziko muno sankaloledwa kuvala thalauza kapena siketi yaifupi pagulu. Zina zimene timazitcha chiyero ndi zizolowezi za nthawi imeneyo.

Malemba amafunadi kuvala kodzilemekeza (1 Timoteo 2:9), ndipo ngati mpingo wanu uli ndi dongosolo la kavalidwe pa mapemphero, lilemekezeni chifukwa cha mtendere. Koma Yesu anati zodetsa munthu zimachokera m'kati, mumtima (Marko 7:21-23), ndipo Paulo anati malamulo akuti usagwire, usalawe, usakhudze amaoneka anzeru koma alibe mphamvu yoletsa zilakolako za thupi (Akolose 2:20-23). Chimandipweteka kuona mtsikana akubwezedwa pakhomo la tchalitchi chifukwa cha chovala, pamene bambo amene amamenya mkazi wake akupatsidwa mbale ya chopereka kuti ayendetse.

Anzanga amapita kuphiri kukapemphera usiku wonse, amasala masiku ambiri, ena ali ndi mafuta odzozedwa. Ine ndilibe zonsezi. Kodi ndatsalira?

Kupemphera kuphiri si kolakwika. Yesu ankakwera phiri kukapemphera, ndipo kwa munthu wokhala m'nyumba ya chipinda chimodzi ku Mbayani, phiri la Soche kapena la Ndirande lingakhale malo okhawo opezako bata. Kusala kudyanso Ambuye anakuyembekezera kwa ophunzira ake, koma anati kukhale kobisika (Mateyu 6:16-18). Vuto limayamba pamene tiganiza kuti zinthu izi zimagula chiyero kapena zimamukakamiza Mulungu. Kwa mayi wa ku Samariya, Yesu anati ikudza nthawi imene sadzalambira Atate m'phiri ili kapena m'Yerusalemu, koma mumzimu ndi m'choonadi (Yohane 4:21-24). Yesaya 58 akudzudzula anthu amene ankasala kudya uku akupondereza antchito awo tsiku lomwelo.

Za mafuta ndi madzi ogulitsidwa, ndinena mosapsatira. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamuuza kuti ndalama yake itayike naye pamodzi (Machitidwe 8:18-20). Yakobo amatchuladi zodzoza odwala mafuta, koma amati aitanidwe akulu a mpingo, ndipo satchula mtengo. Aliyense amene angakuuzeni kuti musiye kumwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi pofuna kuonetsa chikhulupiriro, akuika moyo wanu pangozi. Musamumvere.

Kuntchito kwathu aliyense amalandira kangachepe, ndipo malisiti amakonzedwa. Ndikakana andiona ngati kazitape. Malipiro sakukwana. Nditani?

Sindikunyozani. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya ufa, shuga, lendi ndi thiransipoti inakwera, malipiro a ambiri n'kutsalira m'mbuyo. Munthu amene ana ake abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi akaona envelopu patebulo, yesero lake ndi lenileni.

Komabe tiyang'ane pamene tafika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 75 mwa 100 aliwonse m'Malawi amadzitcha Akhristu. M'dziko lomweli, mu 2013, munaululika kubedwa kwa ndalama za boma kumene tonse timakudziwa kuti Cashgate. Chiwerengero choyambacho chikanakhala chikuyenda ndi Levitiko 19, kuba kumeneku sikukanatheka. Ndalama ikasowa mu ofesi, imakasowa ngati mankhwala kuchipatala ndi ngati desiki kusukulu. Katangale ali ndi maliro ake, kungoti wakubayo sapitako.

Amisonkho ndi asilikali atabwera kwa Yohane Mbatizi, sanawauze kuti asiye ntchito. Anauza amisonkho kuti asalandire choposa chimene analamulidwa, ndipo asilikali asalande za munthu, asanamizire wina, akhutire ndi malipiro awo (Luka 3:12-14). Adani a Danieli anafufuza ntchito yake yonse ya boma osapeza chomunenera (Danieli 6:4). Choncho n'zotheka kukhala m'kati osadetsedwa.

Yambani ndi dzanja lanu: musasaine chimene mukudziwa kuti ndi chabodza, musalandire alawansi ya msonkhano umene simunapiteko. Kanani mwaulemu ndiponso msanga, chifukwa kukana koyamba ndiko kovuta; pakapita nthawi amangodziwa kuti uyu sitimuuza. Simuyenera kulalikira mu ofesi kapena kudzionetsa wolungama. Pamene kubako kukuvulaza anthu, bungwe lolimbana ndi katangale la ACB lili ndi ofesi konkuno ku Blantyre, ndipo kukanena si kupereka anzanu, ndi kukonda mnansi amene akuberedwayo.

Sindikulonjezani kuti mukakana mudzakwezedwa. Mwina mudzasamutsidwa, mwina mudzadanidwa, mwina ntchito idzatha. Apa ndiye pamene kukhulupirira Mulungu kumayesedwa kuti kudziwike ngati n'koona, pakuti mukuika chakudya cha ana anu m'manja mwake. Ndipo ife a mpingo tili ndi mlandu pano. Mbale akavutika chifukwa chokana ziphuphu, thumba la ufa liyenera kuchokera kwa ife. Tisamangoombera m'manja opereka zambiri osafunsa kumene zachokera.

Ine ndimachita geni mumsika wa Limbe. Chiyero chimandikhudza bwanji?

Chimakukhudzani pa sikelo, pa chigoba choyezera, pa mulu wa tomato umene pamwamba muli wabwino pansi wophwanyika. Miyambo 11:1 akuti muyeso wonyenga unyansa Yehova, koma mulingo wamphumphu umusekeretsa. Taonani, Mulungu amakondwera ndi kilo ya nyemba yokwana. Kupeza phindu si tchimo, kunenerera mtengo si tchimo. Kunama kuti "ndapikula modula" pamene simunatero, kapena kukongoza mnzanu katapila wa chiwongola dzanja chomuphera banja, ndiko kudetsa.

Kwa inu amene muli ndi wantchito wapakhomo kapena mlonda, funso ndi lomwelo. Mumamulipira pa tsiku lake? Amadya chimene mumadya? Amapeza tsiku lopuma ndi kupita kukapemphera? Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa a antchito amafuula, ndipo kufuulako kumafika m'makutu a Ambuye.

Ndine wachinyamata. Zonse zondigwetsa zili m'foni: zithunzi zolaula, kubetcha, macheza ausiku. Kodi nditaye foni?

Yesu anati dzanja likakuchimwitsa ulidule (Mateyu 5:30). Sankanena za mpeni, koma ankanena kuti tchimo silichoka popanda kutaya kanthu. Kwa ena, kugwiritsa ntchito foni yamabatani kwa miyezi ingapo ndi nzeru, osati kubwerera m'mbuyo. Kwa ambiri n'kokwanira kuti foni isagone pabedi, magulu ena a WhatsApp muwatuluke, ndipo mnzanu wodalirika akhale ndi ufulu woigwira nthawi iliyonse.

Kuonera Maule ndi Manoma akuswana si tchimo. Kubetcha ndi nkhani ina: kumadya ndalama ya fizi ndi mpamba wa geni, kumakuphunzitsani kufuna chuma chopanda thukuta, kenako kumakuphunzitsani kunama kwa makolo. Ofuna kulemera amagwa m'yesero ndi m'msampha (1 Timoteo 6:9).

Za chibwenzi, 1 Atesalonika 4:3 akuti chifuniro cha Mulungu ndicho chiyeretso chanu, kuti mudzipatule kudama. Mnyamata kapena mtsikana amene akuti mumutsimikizire chikondi pogona naye, wakuuzani kale kuti Ambuye wanu samuwerengera. Ngati munagwa kale, simunathe ntchito. Werengani mndandanda wa pa 1 Akorinto 6:9-11 mpaka pamene Paulo akuti ena a inu munali otere, koma munasambitsidwa, munayeretsedwa.

Kungochotsa sikukwanira. Paulo anauza Timoteo kuti athawe zilakolako za unyamata, natsate chilungamo, chikhulupiriro, chikondi ndi mtendere pamodzi ndi oitana pa Ambuye (2 Timoteo 2:22). Madzulo opanda chochita adzazeni: kwaya, bungwe la ophunzira achikhristu la SCOM, mpira, kuphunzira luso, kukaona odwala.

Achibale akuti titsirike nyumba ndipo mwana avale chithumwa, poti m'dera lathu muli ufiti. Ndikakana akuti ndikufuna kupha mwana.

Tisiyanitse zinthu. Masamba kapena mizu yochiza m'mimba ndi zolengedwa za Mulungu, ngakhale kuti mwana wodwala ayenera kuonedwa ndi achipatala msanga. Kuombeza, kutsirika, kutemera mphini zodzitetezera ndi zithumwa ndi kuika chikhulupiriro mwa mphamvu ina. Levitiko 19:31 akuletsa kutembenukira kwa obwebweta ndi anyanga. Ku Efeso, okhulupirira amene ankachita zamatsenga anatentha mabuku awo poyera, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Machitidwe 19:19).

Muzu wa nkhaniyi ndi mantha, ndipo mantha satha ndi kukalipiridwa. Amatha munthu akakhulupirira kuti pa mtanda Khristu anavula maukulu ndi maulamuliro, nawaonetsa poyera (Akolose 2:15). Ayankheni akuluakulu mwaulemu, musawatche afiti kapena akunja. Auzeni kuti, "Amayi, ndamva nkhawa yanu, mwanayu ndimamukonda, koma ndinamupereka kwa Yesu ndipo sindingamuperekenso kwina." Itanani a kumlaga kapena kumphakati adzapemphere pakhomopo, achibalewo aone kuti simuli nokha. Ndipo musalole kuti gogo aliyense alozedwe chala kuti ndi mfiti. Okalamba avulazidwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mawu otere.

Ndikakhala moyo woyera, Mulungu adzanditeteza ku mavuto? Nanga amene anafa ndi namondwe wa Freddy anachimwa chiyani?

Mu Malichi 2023 matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu mazanamazana anafa m'chigawo chino cha kumwera. Pakati pawo panali opemphera, oimba kwaya, makanda. Aliyense wonena kuti anafa chifukwa anali ochimwa kuposa ife akutsutsana ndi Yesu mwini. Pokamba za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera, Iye anafunsa ngati anali olakwa koposa ena onse a m'Yerusalemu, nayankha yekha kuti iyayi (Luka 13:4-5).

Chiyero si inshuwalansi. Yobu anali wangwiro ndi woongoka, nataya ana ake onse tsiku limodzi. Woyera koposa onse anafera pa mtanda. Chimene talonjezedwa n'chakuti nsautso, njala, zoopsa kapena imfa sizingatisiyanitse ndi chikondi cha Mulungu (Aroma 8:35-39). M'masiku amenewo chiyero ndinachiona mwa anthu amene anakumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna anansi awo, ndi mwa amayi amene ankaphikira osowa pokhala m'misasa ya m'masukulu.

Kutchalitchi kwadzaza achinyengo. Sindingakhale woyera ndili pandekha kunyumba, ndikumvera maulaliki pa wailesi?

Achinyengo alipodi, ndipo ena anakupwetekani, sindikukana. Koma zipatso za Mzimu pa Agalatiya 5:22-23, monga chikondi, kuleza mtima, chifundo ndi chifatso, sizingaoneke popanda anthu ovuta kuwakonda. Wailesi singakudzudzuleni, singakupatseni Mgonero, singabwere pamaliro anu. Ahebri 10:24-25 akuti tisaleke kusonkhana, koma tidandaulirane ndi kufulumizana ku chikondi ndi ntchito zabwino. Mutu umodzi susenza denga. Ngati kumene munali kunali nkhanza kapena chiphunzitso chonama, funani mpingo wina wolalikira Khristu, koma musakhale opanda mpingo.

Zaka zapitazo ndinadya ndalama za banki mkhonde n'kusamukira dera lina. Ndinalapa kwa Mulungu. Kodi ndiyenera kubweza?

Inde, mayi. Kubwezako sikugula chikhululukiro. Chimenecho Khristu analipira kale. Koma Zakeyu chipulumutso chitalowa m'nyumba yake, anayamba kuwerengera amene anawalanda (Luka 19:8-9), ndipo chilamulo chinkati wonyenga mnansi wake abweze chonse n'kuwonjezapo limodzi la magawo asanu (Levitiko 6:1-5). Amayi amene munawathawawo ena anataya mpamba, ena anakangana ndi amuna awo, ndipo mwina alipo amene analeka kupemphera poona kuti wodya ndalamayo anali wa chitenje cha mpingo.

Khalani pansi mulembe ndalama yonse ndi mayina a eni ake. Auzeni amuna anu ngati muli pabanja. Kenako pitani kwa abusa kapena kwa mayi wamkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, mumufotokozere zonse, akuperekezeni. Musapite nokha, chifukwa mkwiyo wa anthu olakwiridwa ndi woyenera ndipo pafunika mboni. Mukakafika musakadziteteze kapena kufotokoza mavuto amene munali nawo pokhapokha atakufunsani. Vomerani, pepesani, nenani zimene mungathe kupereka mwezi uliwonse, ngakhale zikhale zochepa, ndipo zilembedwe pamaso pa mboni. Kumbukirani kuti ndalama ya nthawi imeneyo inali ndi mphamvu kuposa ya lero, ndiye ngati afuna muwonjezere, musakane. Potumiza pa Mpamba kapena Airtel Money sungani uthenga uliwonse. Ngati wina mwa iwo anamwalira, gawo lake lipite kwa ana ake. Ngati mpingo uona kuti muyambe mwaima kaye pa Mgonero, landirani chilangocho ndi kupitiriza kubwera Lamulungu lililonse mpaka mutabwezeretsedwa. Aimbireni abusawo sabata ino, musanayambe kudziuza kuti mudikire kaye ndalama zikwane.